Khutu la a Zuze

Pa Bangula dzuwa silidikira tambala.
Ikamati seveni, malata a shedi ayamba kale kuthetheka,
a Zuze akhala pachitsa chawo pansi pa nimu,
maso atayera ngati madzi otsukira mpunga,
khutu lili kwa ine.

Pakhoma pali nyundo zinayi.
Ndinabwera ndikudziwa imodzi,
yachitsulo, imene ngakhale mwana amaidziwa.
Ndinayamba kumenyera nayo tchizulo.
Mpini unachita maluwa, tsiku lachitatu unang'ambika pakati.
Sanakalipe. Anangoti, Fulukiya,
chitsulo chimacheza ndi msomali.
Mtengo uziupatsa mtengo unzake.

Ya tsanya ndiye nkhalamba.
Anaisema okha chaka chimene Shire analowa m'nyumba osaodira,
mutu wakuda, wolemera ngati ngongole.
Imeneyo ndi ya mabowo akuya,
ya goli, ya mtanda wa ngolo,
pamene mtengo wachita makani ndipo iwe uyenera kuuposa.
Usalimbane nayo, amatero, ingoikweza
igwe yokha. Dzanja lako ndi loperekeza chabe.

Koma ine ndinkafuna anyamata a kabaza aja
aone kuti mkazi naye ali ndi phewa.
Ndinaitengera pa chitseko cha aphunzitsi a Nyamizinga,
mbawa youma, yopala bwino,
ndalama zake titadya kale.
Kamodzi.
Kawiri.
Kachitatu thabwa linangoti ng'aa,
mng'alu kuthamanga mpaka kumunsi
ngati dambo la mu Okutobala.
Kunja pansi pa nimu kunamveka kutsokomola.
Mwezi umenewo ndinagwira yaulere.

Ya nimu ndi yopepuka, ya pangodya za dirowa,
imagogoda ngati mkamwini wofika kumene.
Vuto lake imatha msanga,
nkhope yake ndi maenje okhaokha.
Nditadandaula anati, isiye ithe.
Ikapanda kuvulala iyo
chipsera chikhala pampando wa mwini wake.

Yachinayi ndi ya mphira.
Mphwawo ndiye anabwera nayo kuchokera ku Nchalo,
ndipo a Zuze sanaikondepo.
Nyundo yanji yosalira?
Kukatentha imafewa, imasiya zidindo zakuda pathabwa loyera,
mpaka uikulunge kansalu.
Ndimaitenga potseka mfundo zopaka guluu,
ndipo iwo amang'ung'udza
poti sangathe kundilondola.
Zinazo amazimva zonse.
Amadziwa ndikagwira mpini pakhosi m'malo mwa kumchira,
amadziwa ndikakwiya,
amadziwa ndikamaganiza za munthu.

Lero masana kwabwera bambo wa ku Makhanga,
matope a padooko akadali m'miyendo.
Sanapereke moni wautali.
Anangotambasula dzanja, m'menemo muli bango,
muyeso.
Ndaliika pathebulo.
Silinafike ngakhale kutalika kwa mkono wanga.
Mkazi wake anakhala pakhonde la sitolo kutsidya kwa msewu,
nsalu yakumbuyo ili pamiyendo, yopanda kanthu.

Ndaima pakhoma nthawi yaitali.
Yachitsulo ikanamveka mpaka kumsika.
Ya tsanya, matabwa ake opyapyala chonchi, ayi.
Ngakhale ya nimu ikanawoloka msewu
n'kukagogoda pachifuwa cha mayi uja.

Ndasiya misomali m'chitini.
Ndasema zikhomo ndi mpeni, khumi ndi ziwiri,
ndakulunga ya mphira m'kansalu koyera,
ndayamba kulowetsa chimodzichimodzi,
mbali, mbali, kumutu, kumiyendo.

Fulukiya, wasiya ntchito?

Sindinayankhe.
Ndinamva akutembenuka pachitsa,
akusaka phokoso m'mphepo yotentha,
njiwa, belu la njinga, mbuzi kuseri kwa chigayo.
Kenaka anapeza kakugunda kaja, kapansipansi,
nawerenga, ndikudziwa anawerenga,
kufupika kwa mtunda pakati pa chikhomo ndi chinzake.

Nditatuluka nalo bokosi m'manja,
chipewa chawo chinali pabondo.