Ukonde Suola

Ndimagulitsa maukonde ku Taifa,
benchi yachitatu kuchokera kwa a zitenje.
Mchere umene ndimaudziwa ndi wa m'mapaketi.
Nyanja yamchere sindinaipondepo,
ndimangoimvera kwa Vitumbiko, mlongo wanga,
woyendetsa thanki ya mafuta yochokera ku Dar,
amene amandibisira mabelo kuseri kwa mpando.

Lachiwiri anafika chifunga chisanachoke,
jekete itanyowa ndi mvula yowaza ya Juni.
Za ndalama sanafunse.
Anangoti, "Nyagondwe, taona ichi,"
nandipatsa foni yake yosweka galasi.

Pamchenga panagona chinthu chotuwa,
kutalika ngati minibasi ya ku Ekwendeni.
Mwana wa namgumi.
Ulusi unali utadya mchira mpaka zoyera kuonekera,
utalowa m'kamwa, utazungulira chipsepse kanayi.
Amuna ankadula ndi zikwanje, akukuwa m'Chiswahili.
Chapatali, kumene madzi ayamba kuda,
make ankazungulira,
kutumphuka, phwii, kumira,
kutumphukanso.

"Wamira," anatero Vitumbiko.
Ndinaseka. Chobadwira m'madzi n'kumira?
"Si nsomba izi, mlongo.
Zimakwera pamwamba kudzapuma ngati iwe.
Zimayamwitsa."

Apo ndinaleka kuseka.
Ndinayamwitsapo ana anayi.

Anasuntha chala, chithunzi china:
madolofini awiri atamangidwa pamodzi ngati mtolo wa nkhuni,
milomo ili ngati akumwetulira.
Akuti nkhope zawo n'zotero basi,
ngakhale pa imfa.

Koma ine maso anali pa ulusi.
Wobiriwira, wopyapyala, wosaoneka m'madzi.
Ndimaudziwa ndi zala, ngakhale mumdima.
Ndi womwe uli pabenchi panga,
womwe ndimautama tsiku lonse mpaka mawu kusasa:
"Uwu suola, bambo!
Mudzausiyira zidzukulu!"

Sindinaname.
Suoladi.

Ukonde ukaduka n'kutayika
sudziwa kuti mwini wake anabwerera kumudzi,
anagula wina, anakalamba, anaikidwa.
Sudziwa Sabata.
Sudziwa miyezi yotseka nyanja.
Umangoyenda ndi mafunde, kukamwa kuli yasa,
kugwirira munthu amene sadzabwera kudzawonjola.

Masana kunabwera a Mhone a ku Usisya,
kasitomala wanga wa zaka zisanu ndi zitatu.
Ndinawaonetsa.
Anati, "Kwathu kulibe anamgumi, mayi."
Anawerenga ndalama, nanyowetsa chala, nawerenganso.
Atasenza belo anaima pang'ono.
"Koma chaka chatha tinavuula wakale, wosadziwika mwini.
Munali akatumbu awiri.
Ndi mafupa a kampango osawerengeka."
Anapita ku depoti osacheuka.

Usiku ku Chibavi kunazizira.
Ulunji anagona atapinda miyendo,
bulangete litamukulunga kumapazi.
Ndinadzuka kukamumasula
ngakhale sanadandaule.

Musandifunse ngati ndasiya malonda.
Fizi ya Ulunji ili m'maukonde omwewa,
lendi ili momwemu, ndi mankhwala a shuga a bambo ake.
Wolalikira ali ndi njala salalikira nthawi yaitali.

Ndangotenga katoni ya sopo,
ndalembapo ndi makala, ndapachika pamsomali:
BWEZANI WAKALE, NDIKUCHOTSERANI MTENGO.
Oyandikana nawo akuti Nyagondwe wapenga,
akugula zinyalala.

Wabwera umodzi wokha mpaka lero,
wonunkha usipa, wodzaza zigamba.
Theka ndatchingira nkhuku.
Theka anyamata a ku Zolozolo apachika pagolo,
ndipo dzulo wagwira mpira katatu.

Namgumi sadzamva za Mzuzu.
Sadziwa kuti kuli phiri lozizira, la khofi ndi paini,
kumene mayi wina, wogulitsa chomwe chinapha mwana wake,
amati akayamba kukuwa kuti "Uwu suola,"
mawu amamukodwa pakhosi,
nayamba wakwera pamwamba
kukapuma.