Masekondi Asanu ndi Anayi

Choko chomaliza ndinachisiya pazenera la Sitandade 3
ku Makhanga, chaka chimene Ruo anasintha njira
n'kulowa m'kalasi mwanga osaodira.
Matope anafika pabolodi, pamzere umene ndinkalembapo tsiku.
Zaka khumi ndi zitatu ndinaima pamenepo,
ana zana ndi makumi awiri, thukuta lili kamukamu,
ndipo amene wagona ndi njala ndinkamudziwa
pongomva mmene wayankhira kuti "ndilipo."

Lero ndili ku Nchalo, m'kachipinda ka fani yolira ngati njinga yopanda girizi.
Panja mathirakitala a nzimbe akudutsa, fumbi koboo.
Ntchito yanga ili ndi dzina lalitali lachingerezi
limene linawakanika mayi anga;
kwa anzawo a kumpingo amangoti,
"Fulansiska amaphika maphunziro, ogawa ndi ena."

Ndimalemba zoti wina akanene pawailesi
kwa ana amene sukulu yawo ndi tenti kapena mthunzi wa mtengo.
Ndimayambira kumapeto:
mwana akamadzuka pamphasapo, akhale atadziwa chiyani?
Kenako ndimabwerera chambuyo, phazi ndi phazi,
ngati wolondola mbuzi yosochera.
Maapozi a m'buku ndinawafufuta, ndinaikapo masau.
Basi ndinaisandutsa bwato la pa Mtayamoyo.

Koma pepala silikweza dzanja.
Silitsokomola, silipempha kutuluka panja,
silinamizira kudwala tsiku la mayeso.
Kompyuta sinandibisirepo nyika yowiritsa m'thumba la yunifolomu
monga ankachitira Maliyana mwezi wa njala.

Tinakangana ndi Bambo Alufandika, mkulu wa ntchito,
pa chinthu chopanda mawu.
Funso likafunsidwa, wailesi imakhala chete kuti ana ayankhe.
Iwo anati masekondi atatu akwana, nthawi ya pawailesi ndi ndalama.
Ine ndinati asanu ndi anayi.
Anandifunsa kafukufuku wake.
Ndinalibe. Ndinali ndi Zuze yekha,
wokhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, wachibwibwi,
amene yankho linkamufikira ngati madzi a pamjigo mu Okutobala,
mochedwa, anzake atafuula kale,
koma linkafika ndithu.
Ndinkawerenga chamumtima ndikamamudikira.
Sanapyolepo naini.
Bambo Alufandika anandipatsa asanu ndi awiri.
Awiri otsalawo ndinawaba pofupikitsa malonje.

Lachinayi lapitali tayala la kabaza linaphulika pa Bangula.
Mnyamata akumata, ndinabisala pansi pa msangu,
ndipo pomwepo, pa mpando wothyoka mwendo, panali wailesi ya sola,
ana ataizinga ngati mbale ya mtedza.
Mawu anali a bambo wina wa ku Blantyre
koma popumira ponse panali panga.
"Anthu asanu ndi awiri akwera bwato.
Atatu atsika pachilumba. M'bwatomo mwatsala angati?"

Zii.

Ndinayamba kuwerenga, zala zili m'chitenje.
Pa folo mbuzi inalira.
Pa sikisi ena anati, "Anayi!"
Pa eyiti kamnyamata ka kabudula wong'ambika kanati, "Asanu."
Lilime langa linanyamuka lokha, lachizolowezi, kuti likonze,
koma kanapitiriza, maso ali kumtsinje:
"Asanu. Ndi wopalasa."

Wailesi inati, "Anayi! Mwakhoza, ana inu!"
Kamnyamatako kanazyolika, n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi.
Kale ndikanakaimiritsa kutsogolo, kalasi yonse n'kukaombera m'manja.
Pano sindine mphunzitsi wake. Sakundidziwa.
Ndinatulutsa bolopeni, ndinalemba pachikhatho:
phunziro 12, bwato siliyenda lokha.

Wakabaza anandiitana, tayala lakhuta mpweya.
Mpaka ku Nchalo ndinayenda dzanja lili chotambasula
kuti thukuta lingafufute zolembazo.
Dzina lake sindinafunse.
Lolemba ndikamuika m'bwato bambo wopalasayo,
ndipo ndikapemphanso sekondi imodzi.