Tsiku la pa Bilyeti

Mawa ndi Natale, ndipo makina anga opalasa ndi phazi
sanapume chiyambire Lolemba.
Pakhonde pano pa msika wa Ulongwe
madiresi asanu ndi awiri akudikira mabatani,
mvula ikugogoda malata ngati mwini ngongole.

Wabwera Fulujensiyo, mlamu wanga,
ambulera m'khwapa, timabuku m'jumbo.
Wabweretsa buluku long'ambika kumbuyo
koma wayamba ndi mlandu wina.
Akuti: Alamu, mukusokera mafano.
Tsikuli linali la Aroma opembedza dzuwa,
ansembe anangolichapa, n'kulipachika dzina latsopano.
Tsegulani Luka, tsegulani Mateyu,
mukapezamo Disembala, njinga yanga ndi yanu.

Njingayo sindidzaikwera, ndikudziwa.
Padiri wa ku Lifidzi anavomera yekha
kuti tsikulo palibe analilemba.
Ena, akuti, anawerenga miyezi isanu ndi inayi
kuchokera pa uthenga wa mngelo,
ena anaona dzuwa likubwerera kwawo kozizirako.
Anati eni mabuku akukanganabe,
naseka, napukuta magalasi ndi mkanjo.
Kunotu dzuwa la Disembala sitiligwadira,
timalithawa, n'kumapempha mitambo.

Ndalavulira mapini m'dzanja.
Ndasolola bilyeti m'thumba la malaya.
Werengani, alamu: 1 Janyuwale.
Bodza limenelo lili ndi chidindo cha boma.
Ndinabadwira kuphanga, kuseri kwa phiri la Domwe,
chaka chimene anatentha chigayo,
mayi ataluma chitenje kuti amfuti asamve.
Mchombo anadula ndi nsungwi yong'alula.
Kalendala inapsera m'nyumba limodzi ndi mphasa.
Kukampu ya othawa nkhondo, kutsidya kwa malire,
mlembi wotopa anatipatsa tsiku limodzi
ana makumi atatu,
ngati akugawa nandolo ndi chitini chimodzi.

Mayi Nangozo ankangoti: kunali ngumbi,
chimanga chili m'maondo.
Anapita nazo kumanda zotsalazo.

Ndiye ndinene kuti sindinabadwe?
Ana anga akandigulira Fanta pa Janyuwale
ndiwabweze, ati tsikulo n'la mlembi?

Fulujensiyo sagonja, n'chibadwa chake.
Akuti mphika umene mfiti inaphikira mankhwala
suphikiramo ana phala,
ngakhale uukweche ndi mchenga.
Mawuwo andilasa, sindibisa.
Ndayang'ana diresi lili pamakinali:
nsalu yake inali katani m'bala ina ku Moatize,
yamwa utsi wa fodya, yamva zotukwana za amigodi,
mawa Felizarda wa zaka zisanu ayivala ku Misa.
Kodi nsalu imakumbukira?
Ndasoka zaka makumi awiri, sindikudziwabe.
Pena fungo limatheratu.
Pena limadzuka ukaikapo simbi yamoto.

Nalo boma linalitcha lake dzina, Tsiku la Banja.
Tsiku limodzi, mayina atatu,
ngati mwana wamasiye woleredwa m'makomo ambiri:
aliyense amuitana mwake, iye n'kumavomera.

Chimene ndikudziwa ine n'chochepa.
Mayi wina anasowa pogona ali wotopa,
anabereka pamalo ponunkha ndowe,
kenako anathawa usiku, mwana kumsana,
kuwoloka malire chifukwa cha asilikali.
Nkhani imeneyo sindinaiphunzire kutchalitchi kokha.

Buluku ndamusokera. Sindinamuuze
kuti chigamba cham'kati ndachidula
ku mkanjo wa mbusa wa m'sewero la ana usiku uno.
Walipira mametikali makumi asanu,
wandisiyira kabuku pansi pa sizasi,
watambasula ambulera, walumpha chithaphwi.

Mlongo wake wanena kale m'mawa:
tambala tipha mawa,
koma ntchafu ya achimwene tiwatumizira mkucha,
tsiku lopanda dzina,
kuti akadye mtima uli m'malo.