Jezi Nambala 31

Wokolopa bwaloli ndine, Dellarae,
ndiye ndikudziwa.
Chipale cha ku Nebraska chili mbee panja,
faifi koloko m'mawa,
iwe wafika kale pamzere,
mpira du, du, du,
kuponya mazana atatu usanalawe khofi.

Chaka chachiwiri bondo linakukana.
Unkabwerabe pa ndodo,
n'kumaponya uli pampando,
ine ndikukutolera.

Anthu amakumbukira usiku wa fainolo:
masekondi awiri, mpira m'malere,
ukonde kuti swaa,
koleji yonse dzuu!
Amawerenga mapointi ako zikwi ziwiri.

Lero akweza jezi yako kudenga.
Onse maso m'mwamba.
Ine ndayang'ana pansi,
pomwe nsapato zako zinadya vanishi.
Abwana akuti tipakenso.
Ndawauza kuti mawa.