Makilo Makumi Anayi

Lachisanu magetsi akazima ku Mabvuku,
Lekeleni, mwana wa mlongo wanga, amayatsa kandulo pa thebulo,
n'kutulutsa mapepala, pensulo yotafunidwa kumutu
ndi madayisi a nsonga zambiri
onga mano a chilombo chimene sindinachionepo.
Amati, "Malume, khalani pansi. Lero tilowa m'phanga."

Munthu wanga wa papepala dzina lake ndi Gwaza,
wankhondo, wa chipsera patsaya, mphamvu khumi ndi ziwiri.
Ine masana ndimakankha ngolo ku Mbare Musika,
mbatatesi, anyezi, matimati a ku Domboshava,
ndipo palibe anandifunsapo kuti mphamvu zanga n'zingati
asanandiponyere thumba lachisanu ndi chimodzi.

Koma Gwaza ali ndi lamulo lomuikira kumbuyo.
Makilo makumi anayi, basi.
Akapitirira, miyendo imamira,
anzake akadumpha timabokosi tisanu pa mapu
iye amakwawa titatu, wefuwefu.

Usiku uja tinapha chinjoka.
Munyaradzi wa nyumba yoyandikana nafe ndiye anachilasa m'diso,
ndipo pansi pa mimba yake panali golide,
mulu ngati chimanga chopuntha.
Ndinati, zonse m'thumba!
Lekeleni anatsegula buku, nanyowetsa chala.
"Ndalama zana, kilo imodzi. Werengani, malume."

Ndinaseka mpaka lawi linapendama.
Mwanayu anali asanabadwe
chaka chija tinkasenza ndalama m'chikwama cha zovala
kukagula buledi mmodzi,
buledi n'kupepuka kuposa mtengo wake.

"Denga la phanga likugumuka," anatero osaseka.
"Musiya chiyani?"

Ndinayendetsa chala m'munsi mwa pepala.
Chingwe, makilo awiri.
Nkhwangwa, atatu.
Chishango, asanu ndi limodzi.
Nyali ndi mafuta ake, bulangete, kamba wa masiku anayi.
Chilichonse chinali ndi nambala pambali
ngati odwala pamzere wa kuchipatala.
"Ichi chakoma, ichi chakoma," anayamba Lekeleni
ndi lilime lake lopindikira ku Chishona,
mawu otsalawo anawaiwala,
ine ndinamalizira: pusi anagwa chagada.

Pansi penipeni, mzere wotsiriza,
panali chinthu chimene ndinangotchula tsiku loyamba
atandiuza kuti wankhondo aliyense akhale ndi kanthu ka kwawo:
kiyi wa nyumba.
Kulemera kwake: palibe.

Ndinafunsa, palibe?
Anati, "Bukuli limati tinthu tating'ono sitiwerengedwa."

Wolemba bukulo sanawaone bambo anga.
Anachoka ku Ntcheu ndi sutikesi ya malata
ndi kiyi wa chitseko chimene chiswe chinadya kalekale.
Chaka chamawa tipita, chaka chamawa tipita,
zaka makumi anayi ndi chimodzi akudulira maluwa a eni ku Highlands,
msana ukupindika pang'onopang'ono
ngati waya woyanikapo mabulangete onyowa.
Tinawaika konkuno, manda a matchona.
Kiyiyo ili m'khosi mwangamu, pa chingwe cha nsapato.
Ndinaiyikapo tsiku lina pa sikelo ya amayi ogulitsa nyemba,
muvi sunagwedezeke n'komwe.

"Malume, miyala ikugwa."

Ndinataya chishango.
Ndinataya theka la golide, labala akudya manambala
mpaka pepala linabooka.
Chingwe ndinasunga, sindine mwana.
Dayisi inagubuduka, inagunda sosala ya kandulo,
inaima pa zisanu ndi zinayi.
Lekeleni anayang'ana m'buku nthawi yaitali
kuposa mmene lamulo limafunira,
kenaka anati Gwaza watuluka, fumbi lokhalokha, koma watuluka.

M'mawa kusanache ndinali ku Mbare.
Mayi wa mbatatesi anakweza lachinayi, lachisanu,
anagwira lachisanu ndi chimodzi.
Ndinati, "Makilo makumi anayi, mayi. Bukulo limatero."
Anandiyang'ana, nandifunsa m'Chishona ngati ndamwa.

Ndinalavulira m'manja, ndinagwira zitsulo,
kiyi ikundikanda pachifuwa,
ndi kuyamba kuwerenga timabokosi
kuchoka pa geti mpaka pokwerera makombi.