Phulusa pa Tsabola

Usiku wachitatu tikugona m'kalasi ku Camalig,
mabanja asanu ndi awiri pansi pa bolodi limodzi,
samu za ana zikadali pomwepo zosafufuta,
Nenita anandigwedeza phewa.
"Bambo, wansembe amati tiziopa Mulungu.
Amatinso ndi wabwino.
Ziwirizi zingakwane bwanji m'chifuwa chimodzi?"

Sindinayankhe.
Pazenera phiri la Mayon linkatsokomola moto,
mtsinje wofiira ukutsika mosafulumira
ngati mwini njira amene sapempha kudutsa.
Mabotolo a madzi ankanjenjemera pa desiki.
Zala zanga zinali pa kolona
koma mtima unali kwa njati yanga yolimira,
imene ndinaimasula lole ya asilikali ikuliza hutala,
n'kuiuza kuti, pita, ukadzionere wekha.

Ndinabadwira m'tsinde mwa phiri limeneli
ndipo sindinalizolowerebe.
Ndimamva fungo lake likasintha.
Ndimadziwa tanthauzo la chitsime chophwa mvula ili mkati,
ndi la njoka zotsika kumtunda dzuwa lili paliwombo.
Restituto ankandiseka:
"Iwe mantha! Ine ndi phiri timadziwana."
Chaka chija anakwera kukatenga atambala ake.
Tinapeza chipewa.

Komatu dothi lakudali ndi lochokera komweko.
Tsabola wathu amaluma mpaka alendo kulira,
masamba a koko amakula ngati ambulera,
ndipo kokonati zakumtunda
ndizo zinagula yunifolomu imene wavalayo, mwanawe.

Musandimve molakwa, Ambuye. Inu si phiri.
Phiri silidziwa dzina langa.
Silinaone chala changa pa sikelo
tsiku limene ndinagulitsa kokonati zosauma bwino.
Silinamve mawu amene ndinamponyera Consolacion
Lachiwiri lija,
osadziwa kuti Loweruka ndidzakhala ndikusankha bokosi.
Inu munaona. Inu munamva.
Moto wa phiri ndimauthawa pa lole,
koma lole yothawira maso anu ndikaikwerera kuti?
Phiri lonseli kwa Inu ndi kamwala ka m'nsapato.
Ndikaganiza zimenezo, m'kamwa mumauma.

Ndipo ndinu yemweyo
amene ndinamukalipira kumanda, anthu atabalalika,
ndi mawu osayenera kutuluka m'kamwa mwa munthu wobatizidwa.
Ndinadikira mphenzi.
Kunabwera m'mawa.
Kunabwera mkazi wa Restituto ndi mphika wa mpunga,
iye amene ndinalephera kumubwezera mwamuna,
nati, "Idyani, mwanayu akuyang'ana inu."
Kuyambira pamenepo ndimakuopani kwambiri,
chifukwa munali ndi chifukwa chondikantha
ndipo munatuma mpunga.

Tinabwerera patatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi.
Denga la khitchini linali litagwa ndi kulemera kwa phulusa.
Tsabola yense anapsa, nthochi zitagona chafufumimba.
Sindinena kuti ndinayamika.
Ndinakhala pa mtondo wogubuduka
n'kuwerenga ngongole ya mbewu.

Nenita ndiye anaiona, kuseri kwa nsungwi:
chinthu chotuwa ngati chosemedwa pa mwala,
chitaima m'thope mpaka m'mimba.
Chinaphethira.
Chinapukusa khutu, phulusa n'kuwuluka.
Nthiti zonse zikuwerengeka, chingwe chikadali m'khosi.

Sinditenga njati ngati umboni.
Za anzanga zinafa, ndipo amapemphera kuposa ine.

Funso lako, mwanawe, sindinaliyankhebe.
Tenga mbande izi, bwera kuno.
Phiri likufukabe, usalitembenukire msana.
Palasa phulusa mpaka upeze chinyezi.
Ukuona mawondo angawa?
Ndi omwe aja ankagundana m'kalasi usiku uja.
Ndilibe ena.
Ndi omwewa ndimagwadira pamaso pake,
ndi omwewanso ndimagwadira pobzala
m'munda umene sanandilonjeze kuti ndidzakolola.