Masiku Makumi Anayi M'phulusa

Tinafika ku Melaka basi itatopa nafe,
ine ndi bambo anga, a Teck Swee,
amene anathawa mzinda uno ndevu zisanamere
ndipo sanautchulenso, ngakhale kutulo.

Shamsul, wakabaza wa matayala atatu,
njinga yake itavala maluwa apulasitiki ngati mkwatibwi,
anatipalasa mpaka pa tchalitchi chofiira cha Adatchi.
Ankaloza ndi chibwano:
chipata icho anasiya ndi Apwitikizi,
mizinga iyo inaleka kutsokomola kalekale,
mtsinje uwu unabweretsa aliyense, sunasunge ndi mmodzi yemwe.
Bambo ankangoyang'ana nsapato zawo.

Nyumba imene anabadwiramo tinaipeza.
Masiku ano mumagulitsidwa malaya olembedwa dzina la mzinda
ndi timaginito tomata pa firiji.
Chatsala ndi matailosi obiriwira a pakhomo,
limodzi long'aluka pakona.
"Ndinaswa ndine," anatero. "Tiyeni."

Dzuwa likuswa mtengo tinagula chendo pambali pa msewu,
ayezi wopala, mkaka wa kokonati,
tizingwe tobiriwira toterera ngati nyongolotsi,
shuga wa kanjedza wakuda bii akutsetsereka pang'onopang'ono.
Ine ndinanyambita mbale.
Iwo anangoti, "Kuzizira kokha."
Lilime lawo linagona chaka chija anadwala,
chilichonse chimangowakomera ngati pepala.

Kenako m'kanjira kopanikiza mapewa
fungo la belachani wootcha linatigwira pakhosi.
Matebulo anayi, fani yodandaula, mphaka pa sikelo.
Mwini wake, a Bibiki Poh Lian,
bulauzi yopeta maluwa, msana wopindika,
akusinja tsabola ndi chikasu m'kamtondo ka mwala,
thi thi, thi thi thi,
osatiyang'ana n'komwe.

Sanatifunse chimene tikufuna.
Lakisa inabwera yokha, msuzi wake ngati golide wosungunuka,
inanditulutsa misozi ndi mamina, ine osasiya.
Kenako pongite, nkhumba yofewa mpaka kuiwala fupa lake,
mbatatesi zitamwa msuzi mpaka mumtima.
Pomaliza mbale yakuda, yonunkhira dothi la mvula yoyamba:
nkhuku, bwemba, ndi nthanga zazikulu zoboola pakamwa.

"Keluwaki," anatero mayiwo, akupukuta manja.
"Ukaidya yaiwisi, mawa tikuimbira nyimbo.
Imayamba yaphikidwa, n'kukwiriridwa m'phulusa
masiku makumi anayi,
kenako sabata yonse ndikuitsuka ngati khanda.
Poizoni sathamangitsidwa, mwana iwe.
Amachoka yekha akatopa."

Ine ndinatenga supuni.
Bambo anaikankhira kumbali.
Anasamba, napinda dzanja la malaya,
natenga nthanga imodzi, naigogoda katatu m'mphepete mwa mbale,
phala lakuda n'kugwera pa mpunga.
Anakanya ndi nsonga za zala,
chala chachikulu chikukankhira m'kamwa.

Mtondo unaleka kulira.

"Wogogoda katatu," anatero a Bibiki,
"ndinkadziwa mmodzi yekha.
Ankaba mango kwathu, kuseri kwa kachisi.
Mayi ake anamuikira mbale chaka ndi chaka
mpaka tsiku limene tinawanyamula."

Fani inapitiriza kudandaula.
Mphaka anatsika pa sikelo.
Bambo anatafuna nthawi yaitali,
yaitali kuposa mmene mpunga umafunira.

"Bwemba wachepa," anatero pomaliza, mawu akunjenjemera.
"Mayi ankathira wambiri."

"Bodza!" a Bibiki anamenya tebulo.
"Anandiphunzitsa ndi iwowo.
Lilime lako ndi limene lakhala kunja nthawi yaitali."
Anawaonjezera nthanga zina ziwiri,
ndalama zathu n'kuzikana ngati zonyansa.

Usiku m'mbali mwa mtsinje, nyali zofiira zikusambira m'madzi,
ndinanyamula timakeke tabuluu tokulunga m'tsamba la nthochi.
Bambo anali patsogolo, ndodo ili m'khwapa,
akutchula misewu ndi mayina ake akale
amene sali pa mapu anga,
chikhadabo chawo chikadali chakuda ndi keluwaki.
Sanafune kusamba.